Mmene mungasankhire zoonera pa TV zoyenera mwana wa Giredi 1 mpaka 4

Makolo ambiri muno mu Lusaka tikangoona makatuni pa TV mtima umakhala m'malo, timati ndi za ana izi, basi tapita kukatereka nsima kapena kukachapa. Pakapita masabata angapo mwana wayamba kuyankha mwamwano ndi mawu oti pakhomo pano palibe amawalankhula, kapena akukana kupita yekha ku toileti kukada, kapena wamunyamula mng'ono wake nkumugwetsa pansi ati akuchita wrestling. Ndiye timathamangira kuzimitsa TV sabata yonse, kenako tatopa, tayatsanso, zinthu zabwerera pomwe zinali.

Malangizo awa ndi a ana a zaka 6 mpaka 9 kapena 10, amene angoyamba sukulu, odziwa kale kugwira rimoti koma mutu wawo sunafike posiyanitsa bwino zenizeni ndi zongopeka. Dikoda ikuthandizani pang'ono, koma ntchito yaikulu ndi ya maso anu, mufunika kuonera nokha musanamupatse mwana.

Zofunika musanayambe

- Rimoti ya dikoda yanu, kaya ndi DStv, GOtv kapena TopStar, ndi PIN yake
- Foni iliyonse imene mwana amagwira pakhomo, ngakhale ya a sisi ake kapena ya aunt othandiza ntchito
- Mafulashi onse a mafilimu amene ali m'nyumba, aja mumakaikitsa mtauni kapena pa kantemba ka mu komboni
- Pepala, bolopeni ndi selotepu
- Nthawi yanu, madzulo awiri kapena atatu ana atagona
- Akuluakulu onse amene amakhala ndi ana masana, ambuya, amalume, aliyense

1. Dziwani kaye zimene akuonera panopa

Musayambe ndi kuletsa. Mufunseni mwana mwaulemu kuti amakonda chani, ndani amamusangalatsa mu katuni imeneyo, amaonera kuti, ndipo mukhale ngati mukungocheza basi. Mwana wa zaka 7 akaona kuti simunakwiye amanena zonse, mpaka zimene anaona kwa aneba ndi pa foni ya mkulu wake. Lembani mayina onse pa pepala. Kenako tsegulani YouTube pa foni ija, pitani pa History muone zimene zaoneredwa masiku apitawa.

Chenjezo: mukapeza zoipa musamukwapule pomwepo. Mukatero ulendo wina sadzakuuzaninso, adzangophunzira kubisa, ndipo ana a msinkhu uwu nthawi zambiri sanachite kufunafuna zinthuzo, zinangotulukira zokha vidiyo ina itatha.

2. Werengani chizindikiro cha zaka

Pa rimoti ya DStv ndi GOtv pali batani lolembedwa i. Likanikizeni pulogalamu ili mkati, zituluka dzina lake, nkhani yake mwachidule ndi zaka zoyenera. Muona zolembedwa monga Family, PG, 13, 16 kapena 18. Nthawi zambiri pamakhalanso zilembo, V ndiye kuti muli kumenyana kapena zachiwawa, L muli kutukwana, S zogonana, N anthu osavala. Kwa mwana wa Giredi 1 mpaka 4 khalani pa Family, ndipo PG pokhapokha mutaonera kaye nokha. Pa Netflix amalemba 7+, 10+, 13+, 16+ ndi 18+.

Apa ndi pamene ambiri timaphonya. PG sikutanthauza kuti zili bwino kwa mwana aliyense, amatanthauza kuti kholo likhalepo ndi kumulongosolera. Komanso amene anaika chizindikirocho sakudziwa mwana wanu, sakudziwa kuti amaopa mdima kapena kuti pakhomo panagwa maliro mwezi watha. Chizindikiro chimakuthandizani kutaya zoipa zoonekeratu mwachangu, zotsalazo zikufunabe sitepe yachitatu.

Chinanso, alipo makatuni opangidwira akuluakulu okhaokha, odzaza ndi kutukwana ndi nthabwala zolaula, ndipo zambiri za makatuni a ku Japan zimene anyamata a ku sekondale amakonda zimakhala ndi magazi ochuluka. Kujambula kwake kumaoneka kwa ana koma chizindikiro chikuti 16.

3. Onerani nokha magawo awiri

Sitepe iyi ndi imene anthu amaidumpha chifukwa chotopa, ndikumvetsa, munthu wachoka ku ntchito wakhala pa mzere wa basi pa Kulima Tower kapena City Market, wafika kunyumba kwada, ndiye akhalenso pansi kuonera katuni. Koma gawo limodzi la katuni nthawi zambiri silipitirira mphindi 25, ena mphindi 11 zokha, ndipo mukaonera kamodzi mwathana nayo pulogalamu imene mwana aziionera miyezi yambiri. Tengani magawo awiri osatsatana, limodzi la koyambirira lina la pakati, chifukwa mapulogalamu ena amayamba bwinobwino nkumasintha kutsogolo.

Poonera muziyang'ana izi.

Mavuto amatha bwanji? Ngati nthawi zonse wamphamvu ndi amene amapambana pomenya mnzake, ndipo womenyedwayo amangodzuka osamva kuwawa, mwana wamng'ono amatenga kuti kumenya sikupweteka. Chiwawa chochitidwa ndi ngwazi ya mu filimu, chosekedwa komanso chopanda chilango, ndi chimene ana amatengera kwambiri kuposa cha munthu woipa amene pomaliza wagwidwa. Wrestling ilinso momwemo, aja ndi anthu ophunzitsidwa, amagwera pa bwalo lokonzedwera zimenezo, mwana wanu akayesa zomwezo pa simenti ya mu sitting room mathero ake ndi ku chipatala.

Ana a mu pulogalamuyo amalankhula bwanji ndi akuluakulu? Mapulogalamu ambiri a kunja a ana okulirapo nthabwala yake ndi yonyoza makolo ndi aphunzitsi, bambo amaoneka chitsiru, mwana akawayankha mwamwano kumveka anthu akuseka. Mulibe magazi mulibe kutukwana, chizindikiro chili Family, koma kwa ine izi ndi zimene zimalowa msanga pakhomo kuposa zina zonse chifukwa mwana amakayesa mawu omwewo kwa ambuya ake tsiku lomwelo.

Muli zoopsa zotani? Ana a zaka 6 ndi 7 amaopa kwambiri maonekedwe, nkhope zonyansa, munthu wosanduka nyama, mfiti, mitembo yoyenda, ndipo kumuuza kuti si zenizeni sikuthandiza kwenikweni pa msinkhu umenewu. Akamafika zaka 8, 9, 10 mantha amasamukira ku zinthu zoti zingachitikedi, akuba kuthyola nyumba, ana kubedwa, ngozi za pamsewu, kholo kumwalira. Ndiye filimu yomwe mkulu wake wa Giredi 4 akuiseka, wa Giredi 1 imatha kumusowetsa tulo, ndipo nkhani za pa TV zimene wamng'onoyo sakulabadira, wamkuluyo zimamukhala mu mtima.

Nkhani yake ikumveka? Pulogalamu yabwino ya msinkhu uwu imakhala ndi poyambira, vuto limodzi ndi mathero oti mwana angathe kufotokoza. Zina ndi phokoso chabe, zithunzi kuthamanga, kukuwa, mitundu kung'anima, mukamaliza inu wamkulu simukudziwa kuti zimakamba chani. Zimenezo chotsani ngakhale mulibe choipa chooneka.

Akugulitsa chani? Mavidiyo ambiri a pa YouTube a ana akutsegula zidole zatsopano ndi malonda ovala zovala za pulogalamu, ndipo mwana wosakwana zaka 8 sazindikira bwino kuti wina akufuna kumugulitsa chinthu. Mudzazionera mu shopu ku Manda Hill kapena Levy akayamba kulirira chidole chimene simunachimvepo.

4. Onerani naye limodzi, maso anu ali pa mwana

Zimene zadutsa sitepe yachitatu muonere naye gawo limodzi. Muziyang'ana nkhope yake, ngati akubisa maso, akukukakamirani, kapena wangoti duu osaphethira. Likatha mufunseni mafunso awiri atatu mu chinyanja chathu chomwechi, chachitika nchani, nchifukwa chani uja analira, iweyo ukanatani. Akatha kukufotokozerani nkhani ndiye kuti ndi ya msinkhu wake. Akalephera kapena akangokumbukira pomenyana pokha, ndiye kuti yamukulira, isungeni chaka chamawa.

Chenjezo: musaweruze tsiku lomwelo. Dikirani masiku awiri atatu muone kagonedwe ndi kaseweredwe kake. Ana amabwereza m'masewera zimene aonera, ndiye mukakhala pakhonde nkumamvetsera akamasewera ndi anzawo mudziwa zimene zalowa m'mutu.

5. Lembani mndandanda ndi kuumata pafupi ndi TV

Sankhani mapulogalamu asanu kapena asanu ndi limodzi basi, lembani mayina ake ndi zilembo zikuluzikulu, mumate pakhoma. Mwana azisankha yekha koma kuchokera pa pepalalo, akafuna yatsopano azikuuzani kaye muionere. Pepalali limachepetsa mikangano chifukwa aunt kapena ambuya safunika kuganiza, amangoloza pakhoma.

Poyambira pabwino ndi mapulogalamu a Ubongo, bungwe la ku Tanzania. Akili and Me ndi ya ana aang'ono a zaka 3 mpaka 6, zilembo, manambala ndi nyimbo, ndiye imakwanira wa Giredi 1 amene akuvutika kuwerenga. Ubongo Kids ndi ya kuyambira zaka 7, masamu ndi sayansi kudzera m'nkhani za ana a ku Africa, malo ake ndi ooneka ngati kwathu kuno. Onse awiri ali pa YouTube mwaulere. Amene muli ndi Netflix, pali Supa Team 4 imene inatuluka mu 2023, yolembedwa ndi Malenga Mulendema wa kuno ku Zambia, nkhani yake imachitikira mu Lusaka wa m'tsogolo. Ana amakondwa kuona mzinda wawo mu katuni, koma atsikana ake ndi a ku sekondale ndipo muli kulimbana ndi zigawenga, ndiye kwa wa zaka 6 muionere kaye monga zina zonse.

Mapulogalamu a nyama ndi abwino kwambiri, mwana wodziwa njovu za ku South Luangwa ndi mileme ya ku Kasanka kuchokera pa TV amakayankha bwino mkalasi, kungoti mkango ukagwira mbidzi amaonetsa zonse, ana ena sapirira. Ikaninso za kuphika, kujambula ndi kupanga zinthu ndi manja, chifukwa izi zimamudzutsa mwana pa mpando kukayesa yekha.

6. Tsekani dikoda

Pa DStv ndi GOtv lowani mu Menu kapena Settings, pezani Parental Control. Ifunsa PIN, ndipo ngati simunaisinthepo imakhala 1234. Pa TopStar ndi madikoda ena nambala yoyambira ili m'kabuku kamene kanabwera mu katoni. Choyamba sinthani PIN imeneyo. Kenako sankhani msinkhu woti dikoda izitseka zonse zopitirira pamenepo, ndipo palinso potsekera tchanelo chonse chathunthu. Tsekani a nyimbo, a mafilimu a akuluakulu ndi amene amaonetsa wrestling.

Chenjezo: musaike chaka chimene munabadwa kapena manambala omaliza a foni yanu, mwana wa Giredi 3 amazidziwa zimenezo pamtima, ndipo musamalembe PIN ana akuyang'ana zala zanu. Dziwaninso kuti dikoda imatseka motsatira chizindikiro chimene tchanelo chatumiza, ndiye mavidiyo a nyimbo, zotsatsa malonda ndi zidutswa zoitanira filimu ya usiku zimatha kudutsa masana. Nchifukwa chake matchanelo a nyimbo ndi bwino kuwatsekeratu onse.

7. Foni ndi fulashi

PIN ya dikoda siigwira fulashi imene mwalowetsa kumbuyo kwa TV. Oika mafilimu aja amadzaza chilichonse mu foda imodzi yolembedwa cartoons, osayang'ana zaka, nthawi zina mpaka mafilimu a akuluakulu amalowa momwemo. Tsegulani fayilo iliyonse, dumphani mpaka pakati muone, zosayenera fufutani. Gulani fulashi imodzi ya ana okha, zanu muzisunga ku chipinda.

Pa foni chotsani mwana pa YouTube wamba, ikani YouTube Kids, imene ndi YouTube ya ana, ngati ikupezeka pa foni yanu. Pokonza imakufunsani msinkhu, pali zaka 4 kutsika pansi, 5 mpaka 8, ndi 9 mpaka 12. Palinso njira yoti inuyo muvomereze nokha matchanelo ndi mavidiyo, mwana sangaone china chilichonse kunja kwa zimenezo, imeneyi ndiye yodalirika kwambiri chifukwa makina osefa amaphonya, alipo anthu amene amatenga zidole za makatuni otchuka nkupanga nazo mavidiyo onyansa. Ilinso ndi taimala imene imatseka nthawi ikakwana. Pa Netflix pangani profile ya ana, ndiye kuti polowera pawo pawokha, yanu muikepo PIN. Kulikonse zimitsani autoplay, ija imayambitsa yokha vidiyo yotsatira ina ikatha, ndi imene imamutenga mwana kuchoka pa nyimbo ya zilembo mpaka kukafika kosayenera, komanso ndi imene imamaliza bundle ya Airtel kapena MTN musanadziwe. Ngati muli pamalo pa Wi-Fi, tsitsiranitu magawo amene mwasankha kuti kunyumba aziona data ili yozimitsa.

TikTok ndi Facebook malamulo awo omwe amati munthu akhale ndi zaka 13 kupita m'mwamba. Mwana wa Giredi 2 alibe nazo gawo ngakhale pa foni ya amayi ake.

8. Ikani nthawi

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO mu 2019 linalangiza kuti ana a zaka 2 mpaka 4 asamapitirire ola limodzi patsiku pa sikirini. Kwa ana a sukulu chofunika ndi choti TV isadye nthawi ya tulo, homuweki ndi kusewera panja, ndipo mwana wa zaka 6 mpaka 12 amafunika kugona maola 9 mpaka 12. Ine ndimaona kuti ola limodzi pa masiku a sukulu ndi lokwanira, Loweruka mutha kuwonjezerako. Muziwerenga magawo m'malo mwa mphindi, muuzeni kuti magawo awiri basi, chifukwa kumuzimitsira nkhani ili pakati ndi kumene kumabweretsa kulira. TV izizima ola limodzi asanagone.

Nkhani ya malaiti imasokoneza zonsezi. Chaka cha 2024 madzi atachepa ku Kariba, m'makomboni ambiri malaiti ankabwera usiku kwambiri, ndipo m'nyumba zambiri munalowa chizolowezi choti malaiti akangobwera TV yayaka, kaya ndi 22 hours ana onse adzuka. Lamulo likhale lomveka, malaiti akabwera nthawi yogona itakwana, lero kulibe TV, ndipo mawa sitibweza za dzulo.

9. Gwirizanani akuluakulu

Nyumba zambiri ku Matero, Chawama, Kanyama kapena Mtendere TV ndi imodzi, ili mu sitting room momwe ana amadyeramo, amalemberamo homuweki, ena amagonamo. Ndiye zimene mwana amaona kwambiri ndi zimene ife akuluakulu timaonera, masewero a Zee World ndi Telemundo, mafilimu a ku Nigeria a ufiti ndi kupha anthu pofuna chuma, nkhani za 19 hours pa ZNBC zoonetsa ngozi ya basi. Timaganiza kuti sakuona chifukwa wawerama pa kope, koma makutu ali konko. Mutha kusankha makatuni abwino bwanji, ngati madzulo aliwonse akugona ndi chithunzi cha sing'anga akufuna mutu wa mwana, ntchito yonse ija yapita pachabe.

Khalani pansi ndi onse a pakhomo mugwirizane kuti za akuluakulu ziziyamba ana akagona, kapena muzionera pa foni ndi mahedifoni. Kwa ambuya ndi apongozi lankhulani mwaulemu, musanene ngati mukuwaimba mlandu, auzeni kuti mdzukulu wawo akumalota zoopsa usiku ndiye mukupempha akuthandizeni. Kwa aneba pitani nokha mukacheze ndi amake kapena atate ake a mnzakeyo, muwapemphe kuti akamaika filimu ya akuluakulu azimubweza wanu kunyumba. Mwanayonso muphunzitseni kuti akaona choopsa kapena chochititsa manyazi kulikonse achokepo nkudzakuuzani, ndipo mumulonjeze kuti simudzamukalipira. Ngati mwapeza kuti pali wamkulu amene akumuonetsa mwana zolaula mwadala, imeneyo si nkhani ya TV, ndi nkhanza, imbani 116 ku Childline, ndi yaulere, kapena pitani ku Victim Support Unit pa polisi yapafupi.

Zolakwika zofala

Kulola wamkulu kusankhira onse. Mkulu wake wa Giredi 7 akagwira rimoti, wamng'ono amaonera za Giredi 7. Ana akakhala pamodzi zoonera zitsatire wamng'ono pa onse, wamkuluyo mumupatse nthawi yake payekha kuti asaone ngati mwamulanga.

Kuganiza kuti chilichonse cha chizungu chikumuphunzitsa chizungu. Mwana amatoladi mawu, koma amatola onse, abwino ndi otukwana omwe, ndipo ngati inuyo simukumva bwino zimene akunena pemphani wina wodziwa amvetsere nanu gawo limodzi.

Kukhulupirira dzina la tchanelo. Tchanelo cha ana chimodzi chomwecho m'mawa chimaika za ana a nazale, madzulo za ana a zaka 12 ndi 13 zokamba zibwenzi. Muzisankha pulogalamu ndi ola lake.

Kuganiza kuti filimu ya mapemphero ndi yoyenera mwana aliyense. Zina zimaonetsa ziwanda, anthu akugwa akukuwa, moto wa ku gehena ndi magazi, mwana wa zaka 6 samva uthenga wake, amangotenga mantha. Muionere kaye ngati zina zonse.

Kusiya TV ikulira tsiku lonse popanda woonera, kapena kuiika m'chipinda chogona ana kumene simungaone.

Kusiya mndandanda womwewo chaka chonse. Mwana amakula, zimene ankakonda mu Giredi 1 mu Giredi 3 zimamutopetsa, ndipo akatopa amakafuna zina kwa anzake. Tchuthi chilichonse, cha Epulo, Ogasiti ndi Disembala, chotsani pepala lija, mufunseni zimene anzake akukamba ku sukulu, muonere magawo awiri a zatsopanozo, mulembe pepala lina ndipo musinthenso PIN.